Alexander Fleming: Dokotala Yemwe Anafufuza Misozi

Alexander Fleming anabadwa pa 6 Ogasiti 1881 pafamu ya Lochfield ku Scotland. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 7. Atasinkhukirako anapita ku London kukakhala ndi mkulu wake Tom, yemwe anali dokotala wa maso. Anagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka 4 asanayambe maphunziro a udokotala pa St Mary's Hospital.

Mu 1921 anapeza kuti m'mamina ndi m'misozi muli chinthu chopha mabakiteriya ena, ndipo anachitcha lysozyme. Pofuna misozi yoyesera, iye ndi anzake ankadzidonthezera madzi a ndimu m'maso. Apa zinadziwika kuti diso lili ndi chitetezo chakechake, koma sichikwanira kulimbana ndi tizilombo taukali.

Mu Seputembala 1928, pobwera kutchuthi, anapeza chuku chitamera m'kambale momwe ankawetamo mabakiteriya a Staphylococcus. Wina akanangotsuka kambaleko, koma iye anaonetsetsa: mozungulira chukucho mabakiteriya anali atafa. Umo ndi momwe penisilini anatulukira. Mu 1930 dokotala Cecil Paine wa ku Sheffield anachiritsa nayo makanda omwe maso awo ankatuluka mafinya. Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford ndiwo anaikonza kuti ifikire anthu ambiri, ndipo mu 1945 onse atatu analandira mphoto ya Nobel.

Polandira mphotoyo, Fleming anachenjeza kuti munthu akamwa mankhwala operewera mlingo, tizilombo sitifa koma timazolowera, kenako mankhwalawo amatha mphamvu. Anamwalira pa 11 Malichi 1955 ndipo anaikidwa ku St Paul's Cathedral.

Zomwe ananenazo zinachitikadi. Lero mabakiteriya ambiri a Staphylococcus samva penisilini. Akalowa mkati mwa diso, kaya diso lalasidwa ndi mtengo kapena pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala, munthu akhoza kuchita khungu m'masiku ochepa. Madokotala amatenga timadzi ta m'disomo kukayeza, n'kubaya jakisoni wa mankhwala monga vancomycin ndi ceftazidime mkati mwenimweni mwa diso.

Makolo ndi ophunzira, diso likavulala, likamapweteka kwambiri kapena likayamba kuona mwachimbuuzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Osagula mankhwala odonthezera pamsika, osabwerekana ndi mnansi, ndipo omwe adokotala akupatsani muwatsate monga mwauzidwira.