J. C. R. Licklider

Joseph Carl Robnett Licklider (11 Malichi 1915 – 26 Juni 1990) anali katswiri wa ku America wa za maganizo a munthu ndi makompyuta. Anabadwira ku St. Louis, Missouri, ndipo analandira digiri ya PhD ku yunivesite ya Rochester mu 1942, atafufuza mmene ubongo umamvera mawu.

Pa nthawiyo kompyuta inkagwira ntchito imodziimodzi, moti ofufuza ankadikira maola ambiri kuti aone zotsatira. Mu 1962 Licklider anayamba kutsogolera ofesi ya zamakompyuta ku ARPA, bungwe lofufuza la unduna wa zachitetezo ku America. Kumeneko anapereka ndalama zopangira ma operating system olola anthu ambiri kugawana kompyuta imodzi nthawi imodzi. Ina mwa ntchitozi inali Project MAC ya ku MIT, yomwe inabala Multics.

Vuto linali lakuti makina a m'malo osiyanasiyana sankamvana, popeza aliwonse anali ndi dongosolo lakelake. M'kalata ya mu 1963, Licklider analimbikitsa zoti pakhale njira yogwirizana yoti makinawo azilumikizirana. Anachoka ku ARPA mu 1964, koma omulowa m'malo anapitiriza ganizoli mpaka kukhazikitsa ARPANET mu 1969, yomwe inatsegula njira ya intaneti. Anamwalirira ku Arlington, Massachusetts.