Hattie McDaniel: adapata Oscar koma adamumana mpando ndi manda

Usiku wa pa 29 February 1940, akatswiri a mafilimu a ku Hollywood adasonkhana mu hotela ya Ambassador mumzinda wa Los Angeles, m'dziko la America, pamwambo wopereka mphotho za Oscar. Filimu yomwe idali m'kamwam'kamwa chaka chimenecho idali Gone with the Wind, ndipo eni filimuyo adakhala patebulo limodzi lalikulu, kudya ndi kumwa mosangalala.

Koma mmodzi mwa omwe adasewera m'filimuyo padalibe patebulopo. Mayi wakuda, wathupi, atavala diresi ya buluu ndi maluwa oyera m'tsitsi, adamukhazika pakatebulo kakang'ono chakukhoma, kutali ndi anzake. Hotelayo sinkalola anthu akuda, moti kuti mayiyu alowe, mkulu wa filimuyo David O. Selznick adachita kumupemphera chilolezo chapadera.

Dzina lake litaitanidwa, adanyamuka pakatebulo kaja, n'kudutsa pakati pa azungu onse aja kukalandira mphotho yake. Adalankhula mawu ochepa othokoza, misozi ili m'maso, kenako n'kubwerera kukhoma komwe kuja.

Mayiyu adali Hattie McDaniel, munthu wakuda woyamba kupata mphotho ya Oscar.

Mwana wa akapolo

Hattie adabadwa pa 10 June 1893 mumzinda wa Wichita m'chigawo cha Kansas, ndipo adali chitsirizira m'banja la ana 13. Makolo ake onse awiri adabadwira muukapolo. Bambo ake, a Henry McDaniel, adamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 kumbali ya asilikali a kumpoto, omwe adagonjetsa eni akapolo a kummwera. Kunkhondoko adabwerako atavulala, ndipo adavutika zaka zambiri kulondola penshoni kuboma. Mayi ake, a Susan Holbert, ankaimba nyimbo zauzimu komanso kugwira ntchito m'nyumba za azungu.

Cha m'ma 1900 banjali lidasamukira ku Colorado ndipo lidakhazikika mumzinda wa Denver. Umphawi udali wadzaoneni, koma m'nyumbamo nyimbo sizinkatha. Mlongo wake Otis adali ndi gulu la zisudzo loyendayenda, pomwe mlongo wina Sam ndi mkulu wake Etta nawonso adadzakhala osewera m'mafilimu. Hattie sadamalize sekondale. Adasiyira panjira n'kuyamba kuimba, kuvina ndi kuseketsa anthu pansanja.

Kuyambira 1920 adayenda m'mizinda yambiri ndi gulu loimba la George Morrison, ndipo mawu ake adayamba kumveka pawailesi ya KOA ku Denver panthawi yomwe kumva mayi wakuda pawailesi chidali chachilendo. Pakati pa 1926 ndi 1929 adajambula nyimbo za blues ku Chicago, zina zopeka yekha. Zikavuta, ankabwerera kukachapa zovala ndi kuphika m'makomo.

Chuma cha dziko la America chitagwa mu 1929, magulu a zisudzo ambiri adatha. Hattie adapezeka ali kakasi mumzinda wa Milwaukee, wopanda ndi khobidi lomwe. Ntchito yomwe adaipeza idali yosamalira kuchimbudzi cha amayi pamalo ena azisangalalo otchedwa Club Madrid. Pamalopa ankaimba azungu okhaokha, koma patapita nthawi eni malo adamulola kukwera pansanja, ndipo anthu adamukonda kotero kuti adakhala woimba wa pamalopo.

Khomo limodzi lokha

Mu 1931 adalondola abale ake ku Los Angeles. Adayamba ndi pulogalamu yanthabwala pawailesi ya KNX, koma malipiro adali ochepa kwambiri moti masana ankagwirabe ntchito ya m'nyumba. Chaka chotsatira adayamba kuoneka m'mafilimu.

M'masiku amenewo Hollywood idali ndi khomo limodzi lokha la mayi wakuda: kusewera ngati wantchito wa m'nyumba, wophika kapena wolera ana a azungu. Ngakhale munthu akhale ndi luso lotani, malire adali pomwepo. Hattie adalowera khomo lomwelo. Adaoneka m'mafilimu oposa 300, koma dzina lake lidalembedwa m'mafilimu 83 okha, ndipo pafupifupi monsemo adali atavala epuloni.

Chomwe adasiyana ndi anzake ndi momwe ankavalira epuloniyo. Wantchito wa Hattie sadali wogwada ndi kuwomba m'manja. Ankayankha abwana, kuwayang'ana cham'mbali ndi kung'ung'udza, ndipo woonera ankatha kuona kuti wanzeru m'nyumbamo ndani.

Izi zidaonekera poyera mu Alice Adams ya mu 1935. M'filimuyi banja lina la azungu osauka, lofuna kudzionetsa ngati lolemera, lidalemba wantchito wa tsiku limodzi kuti aperekere chakudya kwa mlendo. Hattie adalowa akutafuna chingamu, kachipewa kali pambali, akuponya mbale mosalabadira. Ngakhale mwini filimu adali Katharine Hepburn, anthu ambiri adatuluka akukamba za wantchito uja, pomwe azungu ena a kummwera adakwiya kuti munthu wakuda akunyoza abwana ake.

Adaseweranso ndi Mae West, Will Rogers, Shirley Temple ndi Clark Gable, ndipo mu Show Boat ya mu 1936 adaimba limodzi ndi katswiri wakuda Paul Robeson.

Filimu yomwe idamukweza

Gone with the Wind idachokera m'buku la Margaret Mitchell la mu 1936. Ndi nkhani ya Scarlett O'Hara, mwana wamkazi wa mwini munda wa thonje ku Georgia m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Hattie adasewera ngati Mammy, kapolo yemwe adalera Scarlett, ndipo m'nyumba yonse ndi iye yekha yemwe ankatha kumudzudzula pamaso.

Ambiri amati mphotho adaipatira pagawo limodzi chakumapeto. Mwana wa Scarlett atafa pogwa pahatchi, Mammy akukwera masitepe ndi Melanie, akumufotokozera mosisima momwe bambo wa mwanayo wadzitsekera m'chipinda ndi maliro, kukana kuti aikidwe. Mayi yemwe anthu adazolowera kuti ngoseketsa adaliza anthu m'nyumba za kanema.

Koma filimuyi idali ndi chilema chachikulu. Idaonetsa ukapolo ngati moyo wamtendere, akapolo ngati anthu okhutira ndi okonda ambuye awo. Nyuzipepala za anthu akuda zidadandaula filimuyo isadathe n'komwe kujambulidwa, mpaka Selznick adachotsamo liwu lina lonyoza anthu akuda lomwe lidali m'buku. Ndipo tisaiwale kuti wosewera kapolo wokhulupirikayu adali mwana wa munthu yemwe adakhetsa magazi pomenyana ndi ukapolo womwewo.

Filimuyi idaonetsedwa koyamba pa 15 December 1939 mumzinda wa Atlanta. Malamulo a tsankho a ku Georgia sankalola akuda kukhala pamodzi ndi azungu, choncho Hattie ndi anzake akuda sadapite nawo. Ngakhale chithunzi chake chidachotsedwa m'kabuku ka mwambowo. Anthu akuda omwe adaoneka pazikondwerero za sabatayo adali a kwaya ya mpingo wa Ebenezer Baptist, omwe adaimba atavala ngati akapolo. Mmodzi mwa ana a m'kwayayo adali mnyamata wa zaka 10, Martin Luther King Jr.

Patangotha miyezi iwiri ndi theka, Hattie adapambana mphotho ya mayi wothandizira bwino m'filimu, kuposa Olivia de Havilland yemwe adasewera Melanie. Panthawiyo opambana m'gawoli sankalandira kafano kagolide kaja, koma chikwangwani chaching'ono.

Pakati pa moto uwiri

Wina akadaganiza kuti mphothoyo itsekula makomo ena. Sizidatero. Mafilimu otsatira adamubwezera kukhitchini konkuja. Mwa ochepa omwe adamupatsa mpata woonetsa luso lake lonse ndi In This Our Life ya mu 1942, momwe adasewera ngati mayi wa mnyamata wakuda wofuna kudzakhala loya, yemwe mzungu wina adamunamizira mlandu wogunda mwana ndi galimoto.

Kwinaku anthu a mtundu wake adayamba kumutembenukira. Mu 1942 mkulu wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, Walter White, adapita ku Hollywood kukauza eni makampani a mafilimu kuti aleke kuonetsa munthu wakuda ngati wantchito ndi chitsiru basi. Mfundo yake idali yoti zomwe azungu amaona pakanema ndi zomwe amakhulupirira, ndipo ana akuda amakula akudziona ngati obadwira kutumikira. Kwa White ndi omutsatira, osewera ngati Hattie ankathandiza kumanga goli lomwe lidali pakhosi pa anzawo.

Hattie zidamuwawa. Yankho lake lomwe limakumbukidwa mpaka lero lidali loti kuli bwino alandire madola 700 pasabata posewera ngati wantchito wa m'nyumba kusiyana n'kulandira madola 7 ali wantchito weniweni. Sadali kulankhula zongomva: ntchito ya madola 7 ija adaigwirapo ndi manja ake. Paja akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu 1947 adalembanso nkhani m'nyuzipepala ya The Hollywood Reporter kunena kuti sapepesa chifukwa cha magawo omwe adasewera.

Onse awiri adali ndi mfundo, koma yemwe adalipira mtengo ndi Hattie. Makampani ataona kuti magawo a antchito akubweretsa phokoso, sadalembe magawo abwino a anthu akuda. Ambiri adangochepetsa akuda m'mafilimu awo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ntchito yake ya m'mafilimu idali itauma.

Nkhondo ya nyumba

Omwe ankamunena kuti ngogonjera azungu sankaona zonse. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse adatsogolera nthambi ya akuda ya komiti ya ku Hollywood yosangalatsa asilikali. Ndipo nkhondo yake yaikulu adaimenyera pakhomo pake penipeni.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 adagula nyumba yaikulu m'dera la West Adams Heights ku Los Angeles, lomwe anthu adalitcha Sugar Hill. Akuda ena opeza bwino, monga Louise Beavers ndi Ethel Waters, adagulanso komweko. Azungu ena a m'deralo adakasuma kukhoti kuti akudawo achotsedwe, potengera mapangano akale oletsa kugulitsa nyumba za kumeneko kwa munthu yemwe si mzungu.

Hattie adasonkhanitsa anzake m'nyumba mwake ndipo adaima nji. Loya wakuda Loren Miller adawaimira, ndipo mu December 1945 woweruza Thurmond Clarke adautaya mlanduwo, ponena kuti mapangano otere akutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Patapita zaka zitatu, mu 1948, khoti lalikulu la America lidagamula kuti makhoti asamakakamizenso mapangano a tsankho otere, ndipo Miller yemweyo adali mmodzi mwa maloya pamilanduyo.

Mu 1947 wailesi idamupatsa moyo wina. Adatenga gawo la Beulah m'sewero lanthabwala la pawailesi ya CBS. Beulah adalinso wantchito wa m'nyumba, koma chodabwitsa n'choti mpaka nthawi imeneyo gawoli ankasewera ndi amuna achizungu, motsanzira mawu a mayi wakuda. Hattie adakhala mayi wakuda woyamba kukhala mwini sewero pawailesi yomveka dziko lonse, ndipo adakana kulankhula Chingerezi chopotoka chomwe olemba ankakonda kuika m'kamwa mwa anthu akuda.

Kumanda nako tsankho

Pabanja sadakhale ndi mwayi. Adakwatiwa kanayi, mwamuna wake woyamba, Howard Hickman, adamwalira mu 1915, ndipo maukwati awiri omaliza adathera kukhoti. Sadasiye mwana.

Sewero la Beulah litapita pawailesi yakanema, adangojambula magawo 6 okha n'kudwala. Madokotala adamupeza ndi khansa ya m'mawere. Adamwalira pa 26 October 1952 ali ndi zaka 59, pachipatala cha anthu a mafilimu ku Woodland Hills. Chuma chomwe adasiya chidali chochepa, ndipo padali ngongole ya msonkho.

M'wilo yake adapempha kuti akaikidwe kumanda a Hollywood, komwe kudagona akatswiri ngati Rudolph Valentino ndi Douglas Fairbanks. Eni manda adakana chifukwa adali wakuda. Thupi lake lidakaikidwa kumanda a Rosedale, omwe adawatchula ngati achiwiri, ngati kuti ankadziwiratu yankho.

Mu 1999 eni atsopano a manda a Hollywood aja adapempha kuti amufukule n'kukamuika komwe ankafuna. Abale ake adakana kusokoneza mafupa ake, choncho kumandako adangoimikako chipilala cha chikumbutso.

Mphotho ija adaisiyira yunivesite ya anthu akuda ya Howard ku Washington, koma idasowa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo sidapezekenso. Mu October 2023 bungwe lopereka ma Oscar lidapatsa yunivesiteyo ina yolowa m'malo. Mu 2006 nkhope yake idaikidwa pasitampa ya dziko la America.

Njira yomwe adalambula idatenga nthawi kuti ena adutsemo. Sidney Poitier adapata Oscar mu 1964, ndipo mayi wakuda wachiwiri kupata mphothoyi posewera, Whoopi Goldberg, adailandira mu 1991, patadutsa zaka 51. Mo'Nique atapambana mu 2010, adafika pamwambowo atavala diresi ya buluu ndi maluwa oyera m'tsitsi, monga adavalira Hattie usiku uja. Iye adakhala kutsogolo, pamodzi ndi anzake.