George Stephenson, Tate wa Njanji

Kodi munaionapo sitima ya pamtunda? Imayenda pa njanji, itanyamula anthu ndi katundu wambiri. Kalekale kunalibe sitima. Munthu amene anathandiza kwambiri kuti sitima ziyambe kuyenda anali George Stephenson.

George anabadwa pa 9 Juni 1781 m'mudzi wa Wylam, m'dziko la England. Makolo ake anali osauka. Atate ake anali kugwira nchito pa mgodi wa malasha. Anali kusonkheza moto wa makina opopa madzi mu mgodi. Pafupi ndi nyumba yao panali njanji ya matabwa. Tsiku ndi tsiku George anali kuona akavalo akukoka ngolo za malasha pa njanjiyo.

George sanapite kusukulu cifukwa kunyumba kunalibe ndalama. Ali mwana anali kuweta ng'ombe. Atakulako anayamba nchito pa mgodi. Iye anakonda makina kwambiri. Anali kuwamasula, kuwapukuta ndi kuwamanganso kuti adziwe m'mene agwirira nchito.

Koma panali vuto limodzi. George anafika zaka 18 osadziwa kuwerenga ndi kulemba. Kodi anacita manyazi ndi kungokhala? Iyai! Anayamba sukulu ya usiku, ndipo anali kulipira yekha. Masana ali pa mgodi, usiku ali pa buku. Pang'ono pang'ono anadziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu.

George anakwatira, ndipo mu 1803 anabala mwana wamwamuna dzina lake Robert. Mu 1806 mkazi wake anamwalira. Inali nthawi yovuta zedi. George anali kukonza nsapato ndi nkoloko za anthu kuti apezeko ndalama zina. Anatumiza Robert kusukulu. Madzulo, tate ndi mwana anali kuphunzira pamodzi.

Mu 1811 makina opopa madzi pa mgodi wina ku Killingworth anakana kugwira bwino nchito. Anthu ena anayesa kuwakonza koma analephera. George anawakonza! Eni mgodi anakondwa, ndipo anamuika kukhala woyang'anira makina.

Mu 1814 George anapanga injini yake yoyamba yoyenda pa njanji. Inali kuyenda ndi nthunzi. Kodi munaona civundikiro ca mphika cikugwedezeka madzi akawira? Imeneyo ndiyo mphamvu ya nthunzi. Moto wa malasha unali kuwiritsa madzi, ndipo nthunzi inali kukankha zitsulo zozungulitsa mawilo. Injiniyo inakoka matani 30 a malasha, koma inali kuyenda monga munthu wofulumira pansi.

Pa 27 Sepitemba 1825 anatsegula njanji ya Stockton ndi Darlington. George yemwe ndiye anayendetsa sitima yochedwa Locomotion. Inakoka malasha, ufa ndi anthu mazanamazana. Anthu ambiri anabwera kudzaonerera.

Pambuyo pake George anapatsidwa nchito yomanga njanji kucokera ku Liverpool kufika ku Manchester. Panjira panali dambo lalikulu la matope lochedwa Chat Moss. Anthu ambiri anaganiza kuti sitima idzamira. George ndi anchito ake anayala matabwa, nthambi ndi zitsamba pa matopewo. Pamwamba anathirapo dothi ndi miyala. Njanji inakhala bwinobwino, osamira.

Mu 1829 kunacitika mpikisano wofuna kupeza injini yabwino koposa. George ndi Robert anabweretsa injini yao yochedwa Rocket. Mainjini ena anaonongeka panjira, koma Rocket inamaliza mpikisano ndi kupambana. Inathamanga makilomita opitirira 40 pa ola limodzi. Njanjiyo inatsegulidwa mu 1830.

George anamwalira pa 12 Ogasiti 1848 ali ndi zaka 67. Njanji zinafalikira m'maiko ambiri. Mu 1905 njanji inaoloka mtsinje wa Zambezi pa ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya. Lero ku Livingstone kuli malo osungirako mainjini akale a nthunzi. Mukadzapitako, mukakumbukire mnyamata woweta ng'ombe uja amene anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka 18.

Yankhani mafunso awa:
1. Kodi George anabadwira m'dziko liti?
2. N'cifukwa ciani sanapite kusukulu ali mwana?
3. Kodi anacita ciani kuti njanji isamire m'dambo?
4. Chulani dzina la injini imene inapambana mpikisano.