Michael Faraday ndi Madzi Ake Ofiira

M'nyengo ya dzinja mitsinje ya kwa Champiti, m'boma la Ntcheu, imayenda madzi ofiira. Mukatunga madziwo ndi kuwasiya mu mtsuko, mchenga umakhala pansi msanga, koma dongo limayandamabe masiku angapo. Munthu wina amene anathandiza kuti timvetse zimenezi anali Michael Faraday.

Faraday anabadwira ku London, m'dziko la Mangalande, m'chaka cha 1791. Bambo wake anali wosula zitsulo ndipo banja lawo linali losauka, motero mwanayo sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku, ndipo mabuku amene ankasokawo ankawaŵerenganso mwakhama. M'chaka cha 1813 katswiri wa sayansi, Humphry Davy, anamlemba ntchito yomthandiza ku Royal Institution.

M'chaka cha 1833 Faraday anaona kuti madzi amene magetsi amadutsamo, akaundana ndi kuuma gwa chifukwa cha kuzizira, magetsi aja sadutsanso. Anayesanso mitundu ina ya mchere. Uli wouma unkakaniza magetsi, koma ukasungunuka pamoto unkawalola. Lero tikudziŵa kuti mu mchere muli tinthu tonyamula magetsi, ndipo timayenda pokhapokha mcherewo utasungunuka. Thukuta nalo lili ndi mchere, n'chifukwa chake kugwira zamagetsi ndi manja onyowa n'koopsa.

Cha m'ma 1856 iye anapanga madzi ofiira okhala ndi tizidutswa ta golide tosaoneka ndi maso. Golide ndi wolemera kwambiri, komatu tizidutswato sitinakhale pansi. Atathiramo mchere pang'ono, madziwo anasintha mtundu ndipo golide uja anayamba kutsikira pansi. Akatswiri obwera pambuyo pake anapeza chifukwa chake. Tizidutswato tili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, choncho timakankhana osagwirana. Mchere umafooketsa kukankhanako, ndipo tizidutswa tikagwirana timalemera ndi kumira. Dongo la mu mtsuko uja limayandama mwa njira yomweyo.

Faraday anamwalira m'chaka cha 1867. Ena mwa mabotolo ake a madzi a golide akusungidwabe ku Royal Institution, ndipo madziwo akadali ofiira mpaka lero.