Mbiri ya Hannen Swaffer, Mtolankhani Wosaopa Munthu (1879 - 1962)

Ambiri a ife tidachitako zisudzo tili pasukulu, ndipo tikudziwa m'mene mtima umawawira munthu akakuuza kuti sewero lako silidakome. Patsamba lino tikumbuke munthu amene ntchito yake idali yomweyo, youza akatswiri a zisudzo a ku Mangalande zimene sadafune kumva. Dzina lake ndi Hannen Swaffer.

Swaffer adabadwa pa 1 Novembala 1879 m'mudzi wa Lindfield, m'chigawo cha Sussex. Bambo ake adali wogulitsa nsalu, ndipo iye adali woyamba kubadwa mwa ana asanu ndi atatu. Adali wachibwibwi, koma akagwira cholembera mawu ankangotuluka. Utolankhani adauyambira m'tauni ya Folkestone akadali mnyamata, ndipo kumeneko eni nyumba ya zisudzo adamuletsa kulowamo chifukwa cha zimene ankalemba.

M'chaka cha 1902 adalowa ntchito ku nyuzipepala ya Daily Mail ku London, mwini wake ali Alfred Harmsworth, amene pambuyo pake adatchedwa Lord Northcliffe. Adagwira ntchito kwa mkuluyu zaka pafupifupi khumi. Adakhalapo mkonzi wa Weekly Dispatch, ndiponso adathandiza kuti Daily Mirror ikhale nyuzipepala ya zithunzi yokondedwa ndi anthu wamba. M'chaka cha 1913 adayambitsa danga lotchedwa Mr Gossip mu Daily Sketch, momwe ankalembamo za moyo wa anthu otchuka: adya kuti, avala chiyani, ayambana ndi yani. Nchifukwa chake amawerengedwa m'gulu la anthu amene adayambitsa nkhani za manong'onong'o m'nyuzipepala za ku Britain. M'chaka cha 1924 adakhala mkonzi wa The People, koma sadakhalitse paudindowo.

Mbiri yake idafika pachimake kuyambira 1926, pamene Daily Express idamulemba ntchito yoonera zisudzo ndi kulemba maganizo ake. Masiku amenewo kudalibe wailesi ya kanema m'nyumba za anthu, kotero munthu asadagule tikiti ankayamba wawerenga nyuzipepala. Mawu ochepa a Swaffer ankatha kudzaza nyumba ya zisudzo kapena kuisiya mipando yokhayokha. Iye adalimbana kwambiri ndi kuchuluka kwa masewero ochokera ku Amereka, poona kuti akuphimba olemba ndi ochita zisudzo a kwawo. Eni nyumba za zisudzo adakwiya naye, ndipo idafika nthawi imene nyumba 12 za ku West End, dera la zisudzo mumzinda wa London, zidamutsekera zitseko.

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. M'chaka cha 1929 Swaffer adafanizira mawu a mayi wina wa zisudzo wa ku Amereka, Lillian Foster, ndi a chidole chimene amachilankhulitsa pa zionetsero. Mayiyo adamupeza m'hotela ya Savoy ndi kumuwomba mbama pamaso pa anthu. Nkhaniyi idamveka mpaka tsidya la nyanja, ndipo m'malo momutsitsa idangowonjezera kutchuka kwake.

M'chaka cha 1931 adasamukira ku Daily Herald, nyuzipepala yogwirizana ndi chipani cha Labour, popeza mtima wake udali kwa anthu apantchito ndi osauka. Kumeneko ankalemba za ndale ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo adakhalako mpaka ukalamba wake. Anthu ankamuzindikira patali: chipewa chakuda chachikulu, tsitsi lalitali, ndudu pakamwa, phulusa lake lili mbuu pachifuwa. Atolankhani anzake adamupatsa dzina lakuti Papa wa ku Fleet Street, msewu umene kudali maofesi a nyuzipepala zikuluzikulu, chifukwa ankalemba ngati munthu wosalakwa. Adaonekanso m'mafilimu angapo, monga Death at Broadcasting House ya 1934.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wovuta kumukhutiritsa chotereyu adali wokhulupirira kwambiri zolankhula ndi mizimu ya akufa. Northcliffe atamwalira mu 1922, Swaffer adakhulupirira kuti bwana wakeyo akumutumizira mauthenga, mpaka adalemba buku lotchedwa Northcliffe's Return. Ambiri adamuseka, koma iye sadabwerere m'mbuyo.

Adamwalira ku London pa 16 Januwale 1962 ali ndi zaka 82. Mphoto za atolankhani opambana zidakhazikitsidwa m'dzina lake, ndipo pambuyo pake zidasintha dzina n'kutchedwa British Press Awards. Mtolankhani mnzake, Tom Driberg, adalemba buku la moyo wake lotchedwa Swaff, lomwe lidatuluka mu 1974.

Anzanga, Swaffer sadali mngelo. Lilime lake lidapweteka anthu ena popanda chifukwa chokwanira, ndipo nkhani za manong'onong'o zimene adathandiza kufalitsa zasautsa mabanja ambiri. Komabe adakana kuyamikira chinthu chimene sadachikonde pofuna kusunga mpando waulere m'nyumba ya zisudzo. Ambiri a ife lero timalemba malipoti, timayesa ana mayeso, timaweruza ntchito za anzathu. Kwa Swaffer titengeko kulimba mtima konena zoona, koma ukali wa lilime tiusiye.