Hugh Tracey: mlimi wa fodya amene adatha moyo wake akusaka nyimbo

Masiku ano munthu wofuna kumva nyimbo yachilendo amangotsegula foni yake, ndipo YouTube kapena Spotify imamusankhira ina yofanana ndi imene wangomvera kumene. Koma makinawa amasankha pa nyimbo zimene zidajambulidwa kale basi. Nyimbo imene idangothera pamtondo, pabwalo la mowa kapena kunyumba ya mfumu, popanda woijambula, sangaipeze. N'chifukwa chake dzina la Hugh Tracey, amene adamwalira mu 1977, limatchulidwabe pakati pa okonda nyimbo za mu Africa. Mwa nyimbo zambiri zimene makolo a kuno ku Malawi ankaimba m'zaka za m'ma 1950, zina zikumvekabe lero chifukwa iye adafika ndi makina ake n'kuzijambula.

Tracey adabadwa pa 29 January 1903 m'mudzi wa Willand, m'chigawo cha Devon ku England. Sadaphunzire zoimba kusukulu yaukachenjede. Asanakwanitse zaka 20 adatsatira mkulu wake Leonard ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, kukathandiza ulimi wa fodya. Kumundako ankagwira ntchito limodzi ndi anthu a mtundu wa Akaranga. Adaphunzira chinenero chawo, ndipo chinenerocho ndicho chidamutsegulira makutu. Adayamba kumva zimene antchitowo ankanena m'nyimbo zawo pogwira ntchito ndi pocheza madzulo, mpaka naye adayamba kuziimba.

Nthawi imeneyo atsamunda ambiri ankaona nyimbo za anthu akuda ngati phokoso chabe, ndipo mipingo ina inkaletsa akhristu ake kuimba mbira ndi ng'oma. Mnyamatayu adaona mosiyana. Mu 1929 adatengera gulu la anyamata achikaranga ku Johannesburg, kumene akatswiri a kampani ya Columbia ankajambula nyimbo, ndipo mawu awo adalowa m'zimbale. Patapita zaka ziwiri adalandira thandizo la ndalama kuchokera ku bungwe la Carnegie kuti afufuze nyimbo za dzikolo, ndipo adajambula nyimbo mazanamazana pa zimbale za chitsulo cha aluminiyamu. Ali ku London adakumana ndi akatswiri awiri opeka nyimbo, Ralph Vaughan Williams ndi Gustav Holst. Iwo adamulangiza kuti asathe nthawi ndi kusanthula nyimbozo papepala, koma athamangire kujambula zochuluka monga angathere. Malangizo amenewa adawasunga moyo wake wonse.

Ntchito yofufuzayi idalibe malipiro okhazikika, choncho adalowa ntchito kuwailesi ku South Africa, ndipo kwa zaka zoposa khumi adatsogolera nthambi ya wailesi ya dzikolo mumzinda wa Durban. Ali kumeneko adayamba kupita ku Zavala, kum'mwera kwa Mozambique, kukamvera Achopi, amene amaimba timbila, mangolongondo akuluakulu oimbidwa ndi gulu la anthu nthawi imodzi. Mu 1948 adasindikiza buku lofotokoza oimbawo, ndakatulo zawo ndi zida zawo. Patapita zaka zambiri, mu 2005, bungwe la UNESCO lidaika timbila pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, chaka chomwecho chimene lidalemekezanso Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Atasiya ntchito ya pawailesi mu 1947, adapeza thandizo kwa Eric Gallo, mwini kampani yojambula nyimbo ya ku Johannesburg, ndipo maulendo ake aatali adayambika. Ankayenda miyezi ingapo pa ulendo umodzi ndi magalimoto onyamula makina ojambulira, matepi ndi jenereta, m'misewu yafumbi ya maiko ngati Congo, Rwanda, Uganda, Kenya, Tanganyika, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Njira yake yopezera nyimbo idali kufunsa. Akafika padera, ankadzera kwa mafumu, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma, ndipo uthenga unkapita m'midzi kuti odziwa kuimba abwere. Jenereta ankaiika patali kuti phokoso lake lisalowe m'nyimbo. Iye mwini ankagwira maikolofoni m'manja n'kumayenda pakati pa oimba, apa kuyandikira woimba ng'oma, apo kuyandikira wotsogolera nyimbo, kuti womvera adzathe kusiyanitsa mbali iliyonse. Akatha, ankabwezera tepi kuti eni akewo adzimvere okha, ndipo ambiri kadali koyamba kumva mawu awo akutuluka m'makina. Pa nyimbo iliyonse ankalemba pakhadi dzina la woimba, malo, chinenero, chida ndi tanthauzo la mawu.

Ena mwa oimba amene adawapeza motere adadzatchuka kutali ndi kwawo. Ku Bulawayo adajambula George Sibanda, woimba gitala amene nyimbo yake ya Guabi Guabi idawoloka nyanja mpaka kuimbidwa ndi oimba a ku America monga Ramblin' Jack Elliott ndi Arlo Guthrie. Mu 1952, mumzinda wa Jadotville ku Congo, umene lero ndi Likasi, adakumana ndi mnyamata wina woimba gitala dzina lake Mwenda Jean Bosco. Nyimbo yake ya Masanga idafalikira kwambiri, ndipo katswiri wa ku Britain, William Walton, adatengako kamvekedwe kake n'kukaika m'nyimbo imene adapekera chikondwerero cha mzinda wa Johannesburg mu 1956. Ku Uganda adajambula oimba a kunyumba yachifumu ya Kabaka wa Buganda mu 1950 ndi 1952. Asilikali a boma ataukira nyumbayo mu 1966, zida zambiri zidawonongeka ndipo oimba adabalalika, motero matepi akewo adasanduka umboni wosowa wa mmene nyimbo za kumeneko zinkamvekera.

Ku Nyasaland adajambula nyimbo mu 1950, 1957 ndi 1958. M'zimene adasonkhanitsa muli mawu a Amang'anja, Achewa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Muli amuna oimba bangwe, amayi oimba posinja, komanso magulu a malipenga. Ambiri mwa oimbawa sadali anthu otchuka. Adali alimi, asodzi ndi amayi apamudzi, oimba za maukwati, za njala, za amuna opita kukagwira ntchito kunja ndi za makhalidwe a anzawo. Nthawi imeneyo dziko lino lidalibe wailesi yakeyake, poti MBC idadzayamba mu 1964. Nyimbo zotere zikadatha pamodzi ndi eni ake.

Mu 1954 Tracey adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, mwachidule ILAM, ku Roodepoort pafupi ndi Johannesburg. Kuchokera m'nkhokweyi adatulutsa zimbale zoposa 200 pansi pa dzina la Sound of Africa, zolinga masukulu aukachenjede ndi malaibulale, ndi zina 25 za Music of Africa zogulitsa kwa anthu wamba. Adayambitsanso kampani yopanga kalimba, atasintha kamangidwe ka chidachi kuti chizigwirizana ndi nyimbo za Azungu, ndipo kalimba za mtundu umenewu zidafika m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America.

Komabe mbiri yake ili ndi mbali imene akatswiri amatsutsana nayo mpaka lero. Tracey ankagwira ntchito m'nthawi ya utsamunda ndi tsankho la apartheid, ndipo ulamuliro umenewo ndiwo unkamutsegulira njira. Gawo la ndalama za ILAM lidachokera ku makampani a migodi, kumene amuna ochokera m'maiko ambiri, kuphatikizapo Amalawi opita ku Joni, ankakumba golide ndi mkuwa pa malipiro ochepa. Iye adalembanso buku la magule a m'migodi ya golide, lotuluka mu 1952. Omutsutsa amati kugawa nyimbo potsata mitundu ya anthu kunkagwirizana ndi maganizo a olamulira, amene ankafuna kuti munthu wakuda azidziwika ndi mtundu wake wokha. Amatinso ankaika mtima kwambiri pa nyimbo za kumudzi n'kumakayikira za m'tauni, ngakhale kuti nazonso adazijambula. Chachikulu n'chakuti zimbale zake zidakathera m'malaibulale a kutali, pamene midzi imene idapereka nyimbozo idatsala yopanda ngakhale chimbale chimodzi. Omuikira kumbuyo amayankha kuti m'nthawi imene ena ankajambula anthu akuda osalemba n'dzina lomwe, iye ankalemba mayina a oimba, ndipo mayinawo ndiwo akuthandiza lero kupeza mabanja awo.

Tracey adamwalira pa 23 October 1977 kufamu yake pafupi ndi Krugersdorp, ali ndi zaka 74. Chaka chotsatira mwana wake Andrew adasamutsira ILAM ku Rhodes University mumzinda wa Grahamstown, umene tsopano ukutchedwa Makhanda. Kumeneko matepiwo adasamutsidwira m'makompyuta, ndipo akuluakulu a nkhokweyo adayamba ntchito yobwezera nyimbo zina kumadera kumene zidajambulidwa. Woimba wina wobadwira ku Lusaka, Michael Baird, adasankha zina n'kuzitulutsanso pa ma CD kudzera ku kampani yake ya SWP Records, ndipo awiri mwa ma CD amenewo ndi a nyimbo za ku Malawi zokhazokha: imodzi ya kum'mwera ndi pakati, ina ya kumpoto ndi pakati. Mu 2016 gulu la Beating Heart lidapereka zina mwa nyimbo za ku Malawizi kwa opanga nyimbo amakono, amene adazisakaniza ndi zida za masiku ano.

Mmalawi wa mumzinda amene watopa ndi nyimbo zobwerezabwereza za pawailesi angathe kulemba dzina la Hugh Tracey ndi la Malawi pa intaneti, ndipo adzapeza bangwe ndi malipenga a zaka pafupifupi 70 zapitazo. Pa zambiri mwa nyimbozo palembedwa dzina la woimba ndi dera limene adachokera. Ntchito imene yatsalira wailesi, masukulu ndi nyumba zosungira mbiri za dziko lino ndi kufikitsa mawuwo kwa adzukulu a oimbawo, amene ambiri mwa iwo sakudziwa kuti agogo awo adajambulidwapo.