Lord Shaftesbury: Phungu Amene Anatulutsa Ana M'migodi

Mu phunziro lino muwerenga mbiri ya Anthony Ashley-Cooper, phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain amene anakhala ndi moyo kuyambira 1801 mpaka 1885. M'mabuku mumupeza ndi maina awiri. Bambo ake ali moyo ankatchedwa Lord Ashley. Bambowo atamwalira mu 1851 iye analowa m'malo mwawo nakhala Lord Shaftesbury. Ndi munthu mmodzi yemweyo, musasokonezeke. Pamene mukuwerenga, funso ili likhale m'mutu mwanu: zinatheka bwanji kuti munthu wokana kuti amphawi azivota akhale yemweyo womenyera nkhondo ana a amphawiwo kwa zaka zoposa 50?

Ubwana wake

Ashley anabadwira ku London pa 28 Epulo 1801, m'banja lolemera lomwe linali ndi minda ikuluikulu ku Wimborne St Giles m'chigawo cha Dorset. Chuma chinalipo, koma chikondi m'nyumbamo munalibe. Bambo ake anali aukali, mayi ake otanganidwa ndi zawo. Amene anamufungata anali mayi wantchito wa pakhomopo, Maria Millis, yemwe ankamusimbira nkhani za m'Baibulo ndi kumuphunzitsa kupemphera. Mayiyu anamwalira Ashley akali mwana, koma anamusiyira wotchi imene anayenda nayo mpaka ukalamba. Ali ndi zaka 7 anamutumiza ku sukulu yogonera konko ku Chiswick, kumene anakumana ndi uve, njala ndi chikwapu. Kenaka anapita ku Harrow, n'kukamalizira ku yunivesite ya Oxford mu 1822.

Atakalamba ankasimba kuti ali ku Harrow anaona amuna oledzera atanyamula bokosi la maliro a munthu wosauka. Ankaimba, kudzandira, mpaka bokosilo analigwetsa pansi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wolira. Zimenezi sizinamuchoke mumtima.

Kulowa m'Nyumba ya Malamulo

Mu 1826, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kukhala phungu wa Woodstock. Musaganize kuti anachita kukhetsa thukuta pokopa anthu. Mpando umenewu unali m'manja mwa banja la akuchikazi kwa mayi ake, la Duke of Marlborough, ndipo ovota anali ochepa. Analowa ngati wa chipani cha Tory, chomwe pambuyo pake chinadziwika ndi dzina loti Conservative. Chinali chipani cha eni minda ndi mpingo wa Anglican, cha anthu ofuna kusunga dongosolo limene analipeza.

Apa ndiye pagona nkhani. Ashley ankakhulupirira kuti Mulungu anaika ena pamwamba ndi ena pansi, ndipo sankaona chifukwa chosinthira zimenezo. Mu 1832 anatsutsa lamulo loonjezera chiwerengero cha anthu ovota. Koma ankakhulupiriranso, ndi mtima wake wonse, kuti amene ali pamwamba adzayankha pamaso pa Mulungu za mmene anasamalira amene ali pansi. Kwa iye mwana wa mmphawi anali ndi mzimu wofanana ndi wa mwana wa mfumu. Olemera ambiri ankavomereza mfundo yoyambayo n'kuiwala yachiwiriyi. Iye anazigwira zonse ziwiri.

Nkhondo yake yoyamba inali ya anthu odwala misala. Mu 1827 anali m'komiti yofufuza nyumba zowasungiramo. Ku Bethnal Green kunapezeka kuti odwala ankawamanga ndi unyolo pa mabedi a udzu kuyambira Loweruka mpaka Lolemba, kuti antchito akapume. Malamulo a 1828 ndi 1845 anakhazikitsa oyendera nyumbazi, ndipo Ashley anatsogolera bungwe la oyenderawo mpaka imfa yake.

Ana a m'mafakitale

Nthawi imeneyo mafakitale opota thonje ndi ubweya anali atadzaza ku Lancashire ndi ku Yorkshire. Ana, ena a zaka 6 kapena 7, ankagwira ntchito maola 12 kapena kuposerapo. Ankalumikiza ulusi woduka ndi kukwawa pansi pa makina oyenda kuti atole zinyalala. Wosinza amadzutsidwa ndi lamba wa kapitawo. Phungu wina wa Tory, Michael Sadler, ndiye anayamba kumenyera lamulo loti ana asapitirire maola 10, koma analuza chisankho cha 1832. Kumayambiriro kwa 1833 mbusa George Bull anapempha Ashley kuti anyamule katunduyo. Mkazi wake Emily anamulimbikitsa, iye navomera.

Bilu yake inagonja. Boma linabweretsa yake yofewerapo, yomwe inakhala lamulo la 1833. Mwana wosakwana zaka 9 asalembedwe ntchito m'mafakitale ambiri a nsalu. Wa zaka 9 mpaka 13 asapitirire maola 48 pa sabata. Ndipo tsiku lililonse aphunzire maola awiri. Boma linalemba oyendera anayi. Eetu, anayi okha, dziko lonselo.

Inu monga mphunzitsi, taonani zimene zinachitikira maola awiri a sukuluwo. Lamulo linkangofuna chikalata chosonyeza kuti mwana wakhala m'kalasi. Silinanene kuti mphunzitsi akhale wotani, ndipo silinapereke ndalama. Oyendera anapeza sukulu zina zili m'chipinda chosungira malasha, mphunzitsi wake ali wosonkha moto wa pafakitale. Aphunzitsi ena ankasayina zikalata ndi kamtanda chifukwa sankatha kulemba dzina lawo. Zaka za ana nazo zinali zovuta kutsimikiza, pajatu kalembera wa boma wa ana obadwa anayamba mu 1837 ku England. Dokotala amangoyang'ana msinkhu wa mwana. Makolo ambiri ankanama, osati chifukwa cha nkhanza, koma poti popanda malipiro a mwanayo banja likanagona ndi njala.

Pansi pa nthaka

Mu 1838 madzi a mvula anasefukira mu mgodi wa malasha wa Huskar, pafupi ndi Barnsley, ndipo ana 26 anamira. Mu 1840 Ashley anakakamiza Nyumba ya Malamulo kuti ikhazikitse kafukufuku wa ntchito za ana. Lipoti la migodi linatuluka mu 1842, ndipo chinthu chachilendo m'lipoti la boma, linali ndi zithunzi zojambula pamanja. Anthu anaona ndi maso awo tiana tokhala tokha mumdima tsiku lonse, ntchito yake kutsegula ndi kutseka zitseko za mpweya. Anaona atsikana atamangidwa lamba m'chiuno, unyolo utadutsa pakati pa miyendo, akukwawa kukoka ngolo za malasha. M'nyengo yozizira ana ena ankaona dzuwa Lamulungu lokha.

Mu Juni chaka chomwecho Ashley analankhula kwa maola awiri m'Nyumba, ndipo ulendo uno aphungu anamumvera msanga. Lamulo la migodi la 1842 linaletsa amayi ndi atsikana onse kugwira ntchito pansi pa nthaka, pamodzi ndi anyamata osakwana zaka 10. Iye ankafuna zaka 13, koma eni migodi anazitsitsa, ndipo Lord Londonderry anafooketsanso biluyo m'nyumba yachiwiri ya House of Lords. Woyendera anali mmodzi poyamba. Amayi ena, ataona kuti malipiro awathera, ankavala zachimuna n'kubwereranso kumgodi.

Kulimbana ndi chipani chake chomwe

Nkhani ya maola 10 inali isanathe. Eni mafakitale ankadziwa kuti makina sangayende popanda ana, choncho kuchepetsa maola a ana kunali kuchepetsanso maola a akulu. Ankati phindu lawo lonse lili m'maola omalizirawo. Mu 1844 Ashley anapambana voti m'Nyumba, koma nduna yaikulu Robert Peel, mtsogoleri wa chipani chake chomwe, anaopseza kuti atula pansi udindo. Aphungu anachita mantha nasintha maganizo.

Mu 1846 Ashley anatula pansi uphungu wa Dorset. Alimi anamusankha kuti ateteze msonkho wa tirigu wochokera kunja, koma iye anafika poona kuti msonkhowo uyenera kuchotsedwa. Anaona kuti sangavote motsutsana ndi zimene analonjeza omusankha, ndiye anawabwezera mpando wawo. Motero lamulo la maola 10 litadutsa mu 1847, mwini nkhondoyo anali kunja. Amene analidutsitsa anali John Fielden, yemwe mwiniwake anali ndi mafakitale a thonje ku Todmorden.

Ashley anabwerera m'Nyumba chaka chomwecho ngati phungu wa Bath, napeza eni mafakitale atatulukira kale njira yozembera. Ankasinthanitsa magulu a antchito mosokoneza kotero kuti woyendera sakanatha kuwerenga maola a munthu aliyense. Mu 1850 khothi linati njirayi siiphwanya lamulo. Ashley anavomera kugwirizana ndi boma: ntchito iziyamba 6 koloko m'mawa n'kutha 6 koloko madzulo, koma maola ogwira ntchito akhale 10 ndi theka. Antchito amene anamutamanda kwa zaka 17 anamutcha wowagulitsa. Maola 10 enieni anadzabwera mu 1874.

Ntchito

Imani kaye apa. Kodi Ashley analakwa kulandira lamulo lofooka koma lotheka kulilondoloza, m'malo moumirira lamulo labwino lomwe linkangozembedwa? Lembani maganizo anu m'ndime imodzi, ndipo mukakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana.

Sukulu za ana ovala sanza

Mu 1843 anaona chilengezo m'nyuzipepala ya The Times chopempha thandizo la sukulu ina ya ana a m'misewu ku Field Lane, dera la umphawi wadzaoneni mu London. Sukulu zoterezi zinkalandira ana amene sukulu zina zinkawakana chifukwa cha litsiro ndi sanza. Mu 1844 zinapanga mgwirizano wotchedwa Ragged School Union, ndipo Ashley anakhala pulezidenti wake kwa zaka pafupifupi 40.

Makalasi ake anali m'makola a akavalo, m'nyumba zosungira katundu, ngakhale pansi pa milatho ya njanji. Aphunzitsi ambiri anali ongodzipereka, obwera madzulo ataweruka kuntchito zawo. Masiku oyamba ana ankazimitsa nyali, kugenda, ndi kuwabera aphunzitsiwo m'matumba. Ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ndi Baibulo, kenaka anazindikira kuti mwana wanjala samva, nayamba kupereka chakudya. Anaonjezera kusoka zovala ndi kukonza nsapato. Kuyambira 1851 anyamata ena ankapatsidwa yunifomu ndi bokosi kuti azipolisha nsapato m'misewu, ena ankatumizidwa ku Australia kukayamba moyo wina. Shaftesbury sanali pulezidenti wa dzina lokha ayi. Ankalowa yekha m'tinjira ta m'madera amenewa, ndipo ana ambiri ankamudziwa nkhope.

Nanga boma litakhazikitsa sukulu zake ndi lamulo la maphunziro la 1870, mukuganiza kuti anasangalala? Ayi ndithu. Ankaopa kuti sukulu za boma zichepetsa Baibulo, ndi kuti ana osaukitsitsa aja sadzalandiridwamo ndi chikondi chimene ankachipeza kwa ongodzipereka. Mantha achiwiriwa anali ndi maziko. Komabe kunena zoona, chifundo cha anthu ochepa sichikanafikira mwana aliyense m'dziko, ndipo ichi n'chimene iye anavutika kuchivomera.

Malire ake anaonekeranso kwina. Sankakonda mabungwe a antchito. Anatsutsa kuonjezera ovota mu 1867, anatsutsanso kuvota mwachinsinsi. Ankafuna kuwachitira amphawi zabwino, osati kuwapatsa mphamvu yoti adzichitire okha. Adani ake, monga John Bright, ankamunyogodola kuti akuona nkhanza za ku Lancashire pamene antchito a m'minda ya bambo ake ku Dorset akukhala m'nyumba zonga makola. Sankanama. Bambo ake ali moyo analibe ulamuliro pa mindayo, ndipo ataitenga mu 1851 anaipeza ndi ngongole. Anamanga nyumba zatsopano pang'onopang'ono, ndalama zikumuvuta moyo wake wonse.

Nkhondo yomaliza

Eni ntchito yosesa m'machumuni a nyumba ankagwiritsa ntchito tianyamata tating'ono tokwera m'kati, m'malo mopanikiza modzaza mwaye. Lamulo la 1840 linaletsa zimenezi, la 1864 linabwerezanso, koma panalibe wolondoloza, ndipo eni nyumba ankati mwana amayeretsa bwino kuposa burashi. Mu 1875 mnyamata wina, George Brewster, anafa atakanirira m'chumuni cha chipatala ku Fulbourn, pafupi ndi Cambridge. Shaftesbury, ali ndi zaka 74, anaitengera nkhaniyi ku House of Lords. Lamulo la chaka chimenecho linati wosesa machumuni aliyense akhale ndi chiphaso cha apolisi, chimene angalandidwe akalakwa. Mchitidwewo unathera pomwepo, patapita zaka 35 chiletsedwere koyamba.

Anamwalira ku Folkestone pa 1 Okutobala 1885 ali ndi zaka 84. Mwambo wa maliro unachitikira ku Westminster Abbey, ndipo m'misewu munaima khamu la ogulitsa malonda, atsikana ogulitsa maluwa, opolisha nsapato ndi ana a sukulu zake zija. Thupi lake analitengera kwawo ku Wimborne St Giles monga anafunira mwiniwake. Mu 1893 anthu anamumangira chikumbutso pa Piccadilly Circus, pamene pamayambira msewu wa Shaftesbury Avenue.